Kodi mbalame yofiira ija inapita kuti?

Ine ndine munthu wa kumtunda. Kwathu ndi ku Katete, kumene madzi timapopa pa mjigo ndipo bwato timangolionera m'buku la sukulu. Ndiye amalume atandiitana kuti ndizikawalembera za malonda a nsomba ku Chanyanya, doko la asodzi m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue, kumadzulo kwa tauni ya Kafue, ndinafika ndili mbuli yotheratu, ndipo sindinabise. Safunsa anadya phula. Ine phula ndimaliopa, choncho ndimafunsa, ngakhale mafunso oti mwana wa giredi 2 angaseke mpaka kugwa chagada.

Ndinafika mu Januwale, mwezi umene panalibe choti ndilembe. Maukonde anali pamtunda, chifukwa chaka chilichonse boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Amalume anandipatsa ulusi kuti ndizisoka mong'ambika, koma ataona mfundo zanga anandilanda. Ndinatsala ndi ntchito imodzi: kukhala pa chibwato chakale chovundikira n'kumayang'ana bango.

M'bangomo ndi mmene ndinakaona. Kambalame kochepa, kolemera ngati batire limodzi la wotchi ya pakhoma, koma kovala ngati kakupita ku ukwati wa mwana wa mfumu. Khosi ndi msana psuu ngati khala lamoto, nkhope ndi mimba bii, mlomo wakudanso. Kakatera pa bango kamadzifufumitsa mpaka kusanduka kampira, kenako kamauluka pang'onopang'ono pamwamba pa madzi, mapiko akunjenjemera ngati a bemberezi, uku kakulira kaphokoso konga ka nsomba yoponyedwa m'mafuta otentha. Kakaona kanzake kofiira kakuyandikira, nkhondo. Kakaona kotuwa, matama.

"Amalume, kodi mbalame iyi ndi iti?"

"Mpheta," anatero osadzutsa n'komwe mutu.

"Nanga zotuwazo?"

"Mphetanso, mphwanga."

Kwa amalume, chilichonse chouluka chochepera njiwa, chosakwana ndiwo ya munthu wamkulu, ndi mpheta. Amene anandichitira chifundo ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, amene madzulo amabwera padoko ndi magalasi oonera patali ndi buku la mbalame lotha m'makona. Anati Azungu amaitcha Southern Red Bishop, a sayansi amati Euplectes orix, ndipo ubishopuwo unachokera ku zovala zake zofiira ndi zakuda.

"Bishopu? Nanga zotuwa zambirimbirizo ndi akhristu ake?"

"Ndi akazi ake, bambo."

Ndinayamba ndakhala chete. Iwo anapitiriza kuti yamphongo imodzi imatha kukhala ndi akazi atatu, ina mpaka asanu ndi awiri m'dzinja limodzi. Ndinafunsa ngati amene anaipatsa dzinali anayamba wafufuza za pakhomo pake. Aphunzitsi anaseka, koma sanayankhe. Anangowonjeza kuti si zotuwa zonse zili zazikazi: tiatambala ta chaka chimodzi timakhalanso totuwa, timavala zofiira tikakwanitsa zaka ziwiri, pamene zazikazi zimayamba kuikira zili ndi chaka chimodzi chokha.

Masiku otsatira ndinaonerera bishopu akumanga. Amagwira m'mphepete mwa tsamba laliwisi ndi mlomo, n'kuuluka nalo kuti ling'ambike kutalika kwake, lituluke kaluzi kowonda. Kaluziko amakakulunga pa mapesi awiri kapena atatu oimirira, mita imodzi kapena iwiri pamwamba pa madzi, kulowetsa uku, kutulutsira uko, phazi litapondereza kuti kasamasuke. Pakatha masiku awiri kapena atatu chisa chaima, chooneka ngati dzira lalikulu, khomo lili m'mbali chakumwamba, ndi kakhonde kotchinga mvula. Mfundo zake amalume sakanazinyoza. Ndiye imabwera yaikazi, mbuu, yopanda chokongola chilichonse. Imalowa, imakoka kaluzi apa, imagwedeza apo, imatuluka. Ikakhutira imayalamo ngala zofewa za udzu. Ikapanda kukhutira imangouluka osatsanzika, bishopu n'kuyambanso china.

Ndinakafotokozera azakhali, akazi a amalume, amene ankapala mamba kuseri kwa nyumba. "Ameneyo ndiye mkamwini," anatero. "Kumanga kaye nyumba, mkazi aione." Koma nditawauza zimene aphunzitsi ananena, zoti mazira ake atatu, a mtundu wa thambo lopanda mitambo, amafungatira ndi mkazi yekha masiku 12 kapena 13, ndipo ana akaswa amawadyetsa ndi mkazi yekha kwa masabata pafupifupi awiri mpaka atauluka, bambo ali kalikiliki kumangira wina, azakhali anabweza mawu awo. Zimene ananena m'malo mwake sindingalembe pano, poti amalume amawerenga.

Komatu ine chinandivuta ndi ichi. Ngati mkazi sapindula chilichonse kwa mwamunayu kupatula nyumba, zofiirazo n'zachiyani? Si akanangokhala mmisiri wovala zotuwa? Aphunzitsi anati funsoli si lachibwana monga ndimaganizira. Ku Addo, ku South Africa, ofufuza anatsatira mbalame zomwezi zaka zingapo, n'kupeza kuti tambala womanga zisa zambiri ndiye amapeza akazi ambiri, ndipo ena amamanga zoposa khumi m'dzinja limodzi. Kufiirako kumagwira ntchito kwambiri poopseza amuna anzake, kuti akhale ndi kachigawo kake ka bango kamene wina sangaterepo. Wopanda malo alibe pomanga, wopanda pomanga alibe mkazi. Ndinati izi ndiye ndazimva, kwathu n'chimodzimodzi.

Anandiuzanso za wachibale wa bishopu, mbalame yakuda ya mchira wautali masentimita pafupifupi 50, ya m'madambo a ku Kenya ndi ku South Africa. Mu 1982 munthu wina wa ku Sweden, Malte Andersson, anafalitsa zimene anachita ku Kinangop, ku Kenya: anadula michira ya atambala ena, zidutswazo n'kuzimata ndi guluu ku michira ya anzawo mpaka kufika masentimita 75. Akazi anathamangira a michira yomatayo. Ndinafunsa ngati odulidwawo anapepesedwa. Aphunzitsi anati michira inameranso pa nyengo yake. Mawu akuti "pa nyengo yake" ndinangowamva, osawagwira. Tanthauzo lake linandipeza patapita miyezi itatu.

Pa 1 Malichi usodzi unatsegulidwa, ndipo ine ndinamira m'mabuku a ngongole. Amayi ogula nsomba ochokera ku Lusaka amafika m'bandakucha ndi mabeseni, kukangana mitengo m'Chinyanja, m'Chitonga ndi m'Chibemba nthawi imodzi, ndipo wolembera akaphethira amalemba zabodza. Nditadzutsa mutu, Epulo anali kumapeto. Ndinapita pa chibwato changa chija. Bango lili pomwepo, zisa zili lende, zouma, zina zobooka. Chofiira panalibe n'chimodzi chomwe. Kunali chigulu cha timbalame totuwa tokhatokha, mazanamazana, tikutera m'minda ndi m'maudzu n'kudzuka pamodzi ngati utsi.

Kodi mbalame yofiira ija inapita kuti?

Amalume anati imapita kutali, imabwera ndi mvula. Azakhali anati imafa, chifukwa palibe mwamuna angakhale ndi akazi asanu ndi awiri n'kuona chisanu. Mnyamata wina wopalasa bwato anati imalowa m'matope ngati mlamba. Onse anayankha mosakayika, ndipo ine ndinawakhulupirira onse atatu, aliyense pa nthawi yake.

Amene anathetsa mlanduwu ndi kamnyamata ka legeni. Tsiku lina kanadutsa padoko katanyamula mbalame zitatu zomanga miyendo ndi luzi, ndipo imodzi inandidabwitsa. Sinali yofiira, sinali yotuwa. Inali yamawangamawanga ngati malaya ogwera m'jiki: apa kachigamba kofiira, apa kotuwa, pamimba timadontho takuda totsalira, mlomo utayamba kuyezuka. Ndinaigula kuti ndiionetse aphunzitsi. Iwo anatambasula phiko lake pa chikhatho. Pakati pa nthenga zazitali panali mpata, ndipo mumpatamo munali kanthu konga kamsomali kotuwa, kokhala ndi magazi m'kati, kunsonga kwake kukutuluka kaburashi ka nthenga yatsopano. Kumbali imodzi ya mpatawo nthenga zinali zosalala, zokwanira m'mphepete. Kumbali inayo zinali zakale, zofwifwa, zodyekadyeka ngati tsache la chaka chatha. Anatambasula phiko linalo: mpata uli pamalo omwewo.

"Bishopu wanu ndi uyu," anatero. "Sanapite kulikonse. Akuvula."

Apa mafunso anandichulukira mpaka kusowa loyamba. Kodi amavuliranji zovala zabwinobwino? Ine jekete langa la ku salaula lili m'chaka chachisanu. Aphunzitsi anati nthenga ikatha kumera imakhala chinthu chakufa, ngati chikhadabo kapena tsitsi, ndipo zonsezi n'zopangidwa ndi chinthu chimodzi chotchedwa keratin. Ikabenthuka siipola. Dzuwa limaiwaula, bango limaikhula, nsabwe za mbalame zimaidya. Telala woti aike chigamba palibe. Njira ndi imodzi yokha: yakale ithothoke, pamalo pake pamere ina. Ndipo mbalame yaing'ono ngati iyi imakhala ndi nthenga pakati pa 1,500 ndi 3,000, zonse zofunika kusinthidwa.

Nanga bwanji osangofundula kamodzi ngati njoka, zithe? Anati njoka siuluka. Mbalame yothothoka mapiko onse tsiku limodzi ndi ndiwo ya kabawi ndi mphaka. Choncho nthenga zazitali za phiko zimagwa imodziimodzi, kuyambira m'kati kupita kunsonga, mapiko onse awiri mofanana kuti isamauluke chopendekera. Ina ikafika pakati pa kukula, yotsatira ndiye imagwa. N'chifukwa chake ntchitoyi imadya miyezi itatu kapena kupitirira, kuchokera m'masika kulowa m'chisanu. Abakha ndi atsekwe ndiwo amataya zonse pamodzi n'kukhala masabata angapo osauluka, koma iwo ali ndi madzi othawirako.

Ndiye ndinafunsa funso limene ndimanyadira mpaka lero, chifukwa aphunzitsi anavula magalasi asanayankhe. Ndinati: ngati dzinja ndiyo nthawi ya chakudya chambiri, bwanji osasintha nthengazo m'dzinja momwemo, uku akumanga zisa? Iwo anandifunsa ngati amalume anagulapo ukonde watsopano mwezi umene amalipira fizi ya ana. Ndinati ayi, ndine wolembera wawo, ndikudziwa. Anati basi. Kumeretsa nthenga kumafuna chakudya chomanga thupi chochuluka, ndipo mbalame yothothoka imamva kuzizira msanga, imaulukanso movutikira. Kuikira mazira, kudyetsa ana, kumenya nkhondo ndi kuluka zisa khumi nakonso kumayamwa thupi. Thumba ndi limodzi. Choncho mbalame zambiri zimalipira ngongole ziwirizi motsatizana: kuswana kaye, nthenga pambuyo. Ana akangouluka, mayi ndi bambo omwe amayamba kuthothoka, pamene njere za udzu zikadali mbwee.

Nditawerengetsa bwino ndinapeza kuti bishopu amasintha kawiri pa chaka. Kusintha kwakukulu ndi kwa pambuyo pa kuswana, pamene chilichonse chimagwa, mapiko ndi mchira womwe, ndipo amatuluka ali mbuu ngati mkazi wake. Kwachiwiri ndi kwa mvula ikamayandikira, cha mu Novembala ndi Disembala, pamene amasintha za pathupi zokha, mapiko n'kuwasiya. Ndiye kuti suti amagula ya pamwamba pokha, nsapato n'zomwe zija. Ndinafunsa kuti bwanji osangokhala wofiira chaka chonse, asamavutike kawiri. Anandiloza chigulu chija chili m'munda wouma, n'kundifunsa kuti ndikanakhala kabawi, kapena kamnyamata ka legeni, ndikanayamba ndi iti pakanakhala imodzi yofiira. Sindinafunsenso.

Za kumene utotowo umachokera zinandidabwitsa kuposa zonse. Wakuda thupi limapanga lokha, ndi womwewu uli pakhungu lathu. Koma wofiira mbalame siingaupange popanda kudya. Umachokera ku timadzi ta chikasu ta m'zomera, a sayansi amati carotenoids, tomwe timapatsa dzungu ndi chimanga chachikasu mtundu wake. Mbalame imatidya m'njere ndi m'tizilombo, thupi n'kutisandutsa tofiira, n'kutithira mu nthenga pamene ikumera. Nthenga ikauma, mwayi watha. Ndiye kuti kufiira kumene ndinkasirira mu Januwale kunali chakudya cha mu Novembala.

Koma ndani amaiuza kuti Novembala wafika? Kalendala ilibe, wailesi ilibe. Aphunzitsi anati m'ma 1920, ku Edmonton m'dziko la Canada, William Rowan anaika timbalame m'zikwere panja m'nyengo ya chipale, n'kumatiyatsira magetsi madzulo, tsiku lililonse kuwonjezera mphindi zingapo. Ngakhale kunja kunkazizira koopsa, ziwalo zoberekera za timbalameto zinakula ngati nyengo yoswana yafika. Ndiye kuti thupi la mbalame limayeza kutalika kwa usana. Ine ndinatsutsa. Ku London usana wa mu Juni umapitirira maola 16, wa mu Disembala sukwana 8, ndiye ngakhale wakhungu angazindikire. Koma kuno ku Kafue usana wautali kwambiri ndi maola pafupifupi 13, waufupi ndi 11 ndi mphindi zochepa. Kusiyana kwa maola awiri osakwana, ine ndemwe sindinakuonepo. Anati inu simunakuone chifukwa mumadzutsidwa ndi foni. Mbalame imakumva, ndipo kumaikonzekeretsa. Koma kumaiko otentha ngati kuno, mawu omaliza ndi a mvula. Popanda tsamba laliwisi bishopu sangaluke, louma limathyoka. Popanda inswa, mbozi ndi ziwala mayi alibe chopatsa ana, poti anapiye sakula ndi njere zokha.

Pamenepo ndinakumbukira chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chimanga chitapserera m'minda ndi magetsi akuzima usana ndi usiku. Kodi bishopu amene wavala kale suti, mvula n'kudula, amatani? Aphunzitsi anati ofufuza a ku South Africa aja anaona kuti chaka cha mvula yochepa zisa zimachepa ndipo kuswana kumatha msanga. Suti yagulidwa, ukwati walephereka. Anawonjeza kuti kuno madzi a m'bango samvera mvula yokha. Chigwa chonsechi, Kafue Flats, chili pakati pa madamu awiri omangidwa m'ma 1970: la Itezhi-Tezhi kumtunda, limene limasunga ndi kutulutsa madzi, ndi la Kafue Gorge kumunsi, limene limawabweza kuti mbali yathu ino ikhale yonyowa chaka chonse. Ndinafunsa ngati otsegula zitseko za damu amadziwa kuti pali chisa cholendewera mita imodzi pamwamba pa madzi. Anati iwo amayang'ana magetsi, ndipo magetsiwo ndi amene ndimatchajira foni. Ndinameza mate.

Panali alendo awiri amene ndinawaona m'dzinja osawamvetsa, ndipo tsopano nkhani yawo inalowa m'malo. Woyamba ndi anamzeze, amene madzulo ankakhamukira m'bango lomwelo kudzagona. Ambiri a iwo amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, amafika kuno cha mu Okutobala, amabwerera cha mu Epulo, ndipo kuno samanga chisa n'chimodzi chomwe. Nanga amadzatani? Amadzadya ndi kusintha nthenga, pang'onopang'ono, miyezi inayi kapena isanu, chifukwa iwo amadya akuuluka ndipo mpata waukulu pa phiko ungawagoneke ndi njala. Ndiye kuti m'bango limodzi, mwezi umodzi, wina akulipira ngongole ya ana, wina ya nthenga. Wachiwiri ndi mbalame yobiriwira monyezimira, diederik cuckoo, imene imabwera ndi mvula n'kumazembera zisa za bishopu. Mwini chisa akatuluka, iyo imachotsa dzira limodzi n'kuikira lake, ndipo mwana wake akaswa amachotsa eni nyumba, mayi wotuwa uja n'kumalera mlendo wamkulu kumuposa. Aphunzitsi anati ku Choma, Claire Spottiswoode ndi anzake akhala zaka zambiri akufufuza ukathyali wa mtundu umenewu pakati pa mbalame, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira amene amadziwa kupeza zisa. Ine ndinangofunsa kuti mlendoyo amadziwa bwanji mwezi wobwera. Anati naye amawerenga kalendala yomweyo.

Funso limodzi aphunzitsi anakana kundiyankha, akuti si la sayansi. Nsomba zili ndi miyezi yake itatu ya mtendere, yolembedwa m'malamulo, ndipo wogwidwa ndi ukonde m'madzi amalandidwa. Miyezi yomweyo ndi imene bishopu amamanga. Nanga bwanji nthawi yomweyo ana amatapa zisa m'bango, ulimbo uli pa mapesi, ndipo wofuna bango la mphasa kapena la mpanda amangodula osasuzumira kaye? Ndinafunsa amalume. Anati nsomba ndi ndalama, mpheta ndi mbava ya mapira ndi mpunga. Sananame, ndinaziona ndekha zikuwerama pa ngala. Komanso m'miyezi yoswana ndi zomwezo zimene zimatola mbozi ndi ziwala, ndipo izi amalume sanaziike m'buku. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, choti kachigawo ka bango ka kuseri kwa chibwato changa tizikadula mu Juni, zisa zitauma. Anati aona. Kwa amalume, "aona" ndi mawu aakulu.

Pano ndi Julayi. M'mawa kumazizira mpaka cholembera kukana kugwirika, ndipo chigulu chotuwa chija chimadutsa pamwamba pa doko dzuwa likamatuluka. Ndaphunzira kuti amuna ndi okulirapo pang'ono kuposa akazi, koma zikakhala m'mwamba sindingaloze kuti bishopu ndi uyu. Mukadzafika ku Chanyanya isanathe Okutobala, musadzavutike kufunsa amalume za mbalame yofiira, adzakuuzani kuti inapita kutali. Dzabwereni Khirisimasi itadutsa, maukonde ali pamtunda, mudzandipeze pa chibwato chovundikira.